Kodi mafumu a Persia ankalamuliradi, kapena ankayendetsedwa ndi a m'nyumba mwawo?

Wowerenga wina, amene amaphunzitsa Baibulo kwa achinyamata mumpingo wake, wafunsa motere: "Ndikamawerenga buku la Estere ndimaona mfumu Ahaswero ikumvera Hamani lero, mawa n'kumvera Estere, ngati kuti ilibe maganizo akeake. Kodi mafumu a Persia ankalamuliradi, kapena ankangoyendetsedwa ndi akazi awo ndi nduna zawo? Nanga ngati anali ndi asilikali ochuluka monga timamvera, zinatheka bwanji kuti Alexander awagonjetse m'zaka zochepa?"

Mafunso anu awiriwa ali ndi muzu umodzi, choncho ndiwayankhira pamodzi. Ufumu umene mukuunenawo unayamba pamene Cyrus, amene Baibulo limamutcha Koresi, anagonjetsa Amedi cha m'ma 550, ndipo unatha pamene Darius wachitatu anaphedwa mu 330. Zaka zonse zimene nditchule pano ndi za Yesu asanabadwe, motero manambala ake amacheperachepera pamene nthawi ikupita. Ahaswero wa m'buku la Estere akatswiri ambiri amati ndi Xerxes woyamba, amene analamulira kuyambira 486 mpaka 465. Yankho langa ndi lakuti mfumu inkalamuliradi, ndipo mphamvu zake zinali zazikulu kotero kuti aliyense wofuna udindo, munda, chikhululukiro kapena imfa ya mdani wake ankayenera kupeza njira yofikira khutu lake. Magulu amene ankalimbana kulikulu sankafuna kugwetsa mpando wachifumu, koma ankalimbirana khomo lolowera kwa wokhala pampandowo.

Tiyambire pakhomo pomwepo. Estere akunena m'chaputala chachinayi kuti munthu wolowa kwa mfumu osaitanidwa ankaphedwa, pokhapokha mfumuyo itamulozera ndodo yake yagolide, ndipo Moredekai timamupeza kawirikawiri atakhala pachipata. Olemba Achigiriki nawonso akamanena za likulu la Aperisi amakonda kungoti "pamakomo a mfumu", chifukwa pamenepo ndi pamene nduna, nthumwi za mayiko ena ndi odandaula ankadikirira. Pa chithunzi chosemedwa pamwala chimene chinapezeka ku Persepolis, umodzi wa mizinda yachifumu ya Aperisi, mfumu yakhala pampando itagwira ndodo, mwana wodzalowa ufumu waima kumbuyo kwake, ndipo kutsogolo kuli nduna imene yawerama pang'ono itaika dzanja pakamwa. Akatswiri ambiri amati nduna imeneyo ndi mkulu wa asilikali 1,000 olondera mfumu, amene ntchito yake ina inali kusankha woti alowe ndi woti adikire. Munthu wogwira khomo lotere ankaopedwa ngakhale ndi olamulira zigawo zikuluzikulu. Chimodzimodzinso woperekera chikho, monga Nehemiya m'masiku a Artaxerxes woyamba: ntchito yake ikumveka yaing'ono, koma ankaima pafupi ndi mfumu tsiku ndi tsiku, ndipo pempho limodzi lonenedwa pa nthawi yabwino linamupezera makalata aulendo, mitengo yochokera kunkhalango ya mfumu ndi asilikali omuperekeza ku Jerusalem. Adindo ofulidwa ankakwera chifukwa cha zomwezo, popeza ankatha kudutsa pakati pa nyumba za akazi ndi chipinda cha mfumu, ndipo sankakayikiridwa kuti angafune mpandowo kuti ukhale wa ana awo.

Kuti timvetse kumene magulu olimbanawa anachokera, tiyenera kubwerera ku 522. Cambyses, mwana wa Cyrus, anamwalira chaka chimenecho akuchokera ku Egypt, ndipo pampando panali munthu wodziwika kuti Bardiya, mng'ono wake. Darius, amene sanali mwana wa Cyrus, anapangana ndi anzake asanu ndi mmodzi n'kumupha. Pathanthwe la Behistun, m'dziko la Iran lamakono, Darius analembetsa m'zinenero zitatu kuti wophedwayo sanali Bardiya weniweni koma wansembe wonyenga dzina lake Gaumata, nkhani imene akatswiri ambiri lero amaikayikira. Analembetsanso kuti m'chaka chimodzi anamenya nkhondo 19 n'kugwira mafumu 9 ogalukira, ndipo chakumapeto anatchula mayina a anzake aja n'kupempha mafumu am'tsogolo kuti azisamalira mabanja awo. Ndime imeneyi ine ndimaiona kukhala yofunika koposa chiwerengero cha nkhondozo, chifukwa ikuvomereza poyera kuti mpandowo unatsamira pa mabanja angapo a akuluakulu Achiperisi. Darius anamanga mabanjawo ndi maukwati. Iye mwini anakwatira Atossa ndi Artystone, ana aakazi a Cyrus, komanso Parmys, mwana wa Bardiya, kuti magazi a Cyrus asapite kunyumba ina. Gobryas, mmodzi wa asanu ndi mmodzi aja, anakwatira mlongo wa Darius, ndipo mwana wawo Mardonius anakwatira mwana wa Darius n'kudzatsogolera nkhondo ku Greece. Komabe chibale sichinkachotsa lamulo la pakhomo. Herodotus, wolemba mbiri Wachigiriki, akusimba kuti Intaphernes, mnzake wina wa chiwembucho, atakanizidwa kulowa anadula makutu ndi mphuno za mlonda ndi wonyamula uthenga, ndipo Darius, ataona kuti akuluakulu enawo sali naye kumbali imodzi, anamupha pamodzi ndi amuna ambiri a m'banja lake.

Dziko lochokera ku mtsinje wa Indus mpaka ku Egypt ndi kugombe la Greece silikanatheka kuliyendetsa kuchokera pakhomo limodzi popanda manja ambiri. Linagawidwa m'zigawo, chilichonse chili ndi bwanamkubwa amene Agiriki ankamutcha satrap, mawu ochokera ku liwu Lachiperisi lotanthauza woteteza ufumu. Herodotus akutchula zigawo 20 zamsonkho, ndipo akuti Babylon ndi madera ozungulira ankapereka matalente 1,000 asiliva pachaka (talente unali muyeso waukulu wa kulemera), Egypt 700, pamene India inkapereka matalente 360 a fumbi lagolide. Zigawo 127 za m'buku la Estere ziyenera kuti zikuwerengera madera ang'onoang'ono a mkati mwa zigawo zikuluzikuluzo. Bwanamkubwa nthawi zambiri ankakhala mbale wa mfumu kapena wa m'mabanja aakulu aja, ndipo anali ndi nyumba yachifumu yakeyake, asilikali ake ndi minda yake. Mafumu a m'deralo, akachisi ake ndi malamulo ake kawirikawiri ankasiyidwa momwe analili, bola msonkho ndi asilikali zizifika.

Funso lalikulu pamenepa ndi lakuti mfumu inkamugwira bwanji munthu wamphamvu chotere amene ali ulendo wa miyezi itatu kuchokera kulikulu. Nkhani ya Oroetes, bwanamkubwa wa ku Sardis, mzinda wa kumadzulo kwa ufumuwo, imayankha bwino. Munthuyu anali atapha akuluakulu ena ndiponso mthenga wa Darius, koma anali ndi asilikali Achiperisi 1,000 omulondera, ndipo Darius, amene ufumu wake unali usanakhazikike, sanafune kutumiza gulu lankhondo. Malinga ndi Herodotus, anatumiza munthu mmodzi, Bagaeus, atanyamula makalata angapo odindidwa ndi chidindo cha mfumu. Atafika, Bagaeus ankapereka makalatawo imodziimodzi kwa mlembi wa mfumu kuti awerenge mokweza, kwinaku akuyang'ana nkhope za alonda. Ataona kuti akulemekeza makalatawo, anapereka ina yonena kuti mfumu ikuwaletsa kulondera Oroetes, ndipo alondawo anaika mikondo yawo pansi. Kenako anapereka yomaliza yolamula kuti amuphe, ndipo anasolola malupanga n'kumupha pomwepo. Zimene tikuphunzira m'nkhaniyi ndi zakuti mlembi wokhala m'nyumba ya bwanamkubwa anali wa mfumu, alonda ankadziona kuti ndi a mfumu, ndipo akuluakulu a malinga ofunika ankasankhidwanso ndi mfumu. Msewu wochokera ku Sardis kupita ku Susa, wa makilomita pafupifupi 2,500, unali ndi malo opumulira 111. Woyenda wamba ankatenga masiku 90, koma amithenga osinthana akavalo ankafika m'masiku ochepa kwambiri.

Umboni umene ine ndimaukhulupirira koposa nkhani za Agiriki ndi timapale tadongo tambirimbiri timene ofukula zakale a ku Chicago anatipeza ku Persepolis mu 1933. Tinalembedwa makamaka m'Chielamu pakati pa 509 ndi 493, ndipo mulibe nkhani zachiwembu. Muli chiwerengero cha ufa, vinyo, mowa ndi nkhosa. Munthu woyenda pa ntchito ya boma ankanyamula chikalata chodindidwa, ndipo pamalo opumulira aliwonse ankalandira kamba wake, wosunga nkhokwe n'kulemba kuti wapereka zingati ndiponso kwa yani. Mkulu woyang'anira zonsezi, Parnaka, ankalandira nkhosa ziwiri tsiku lililonse pamodzi ndi ufa ndi vinyo wokwanira kudyetsa gulu lake lonse. Amayi ogwira ntchito amene angobereka ankalandira phoso lowonjezera, ndipo wobereka mwana wamwamuna ankalandira kuwirikiza kawiri. Ku Egypt kunapezekanso makalata Achiaramu, chinenero chimene boma linkagwiritsa ntchito m'zigawo zonse, ena a bwanamkubwa Arshama ndipo ena a asilikali Achiyuda a pachilumba cha Elephantine, amene kachisi wawo atagwetsedwa mu 410 analembera bwanamkubwa wa Yuda mu 407 kupempha thandizo kuti amangidwenso. Boma limene limalemba ndi kudinda chonchi silinali kuyendera mphekesera za m'chipinda.

Timapale tomweti timatiuzanso za akazi a m'banja lachifumu, ndipo pano mpamene funso lanu loyamba limafunika kusamala. Artystone, amene timapaleto timamutcha Irtashduna, anali ndi minda yake, antchito ake ndi chidindo chake, ndipo pali lamulo la Darius loti apatsidwe nkhosa 100. Mayi wina wotchedwa Irdabama anali ndi antchito mazana angapo ndipo ankayenda maulendo ataliatali ndi gulu lomuperekeza. Amayi otere sanali akaidi a m'nyumba yotsekedwa. Anali eni chuma, anali ndi anthu owadalira, ndipo ankatha kupembedzera mfumu chifukwa cha abale awo, monga mmene Amestris, mayi wa mfumu, ndi Amytis, mlongo wa mfumuyo, anapulumutsira kazembe Megabyzus pamene analakwira Artaxerxes woyamba mwa kulasa mkango mfumuyo isanaponye. Estere akamachonderera anthu a mtundu wake paphwando, akuchita chinthu chimene mkazi wa mfumu ankayembekezeka kuchita, ngakhale kuti Herodotus amatchula Amestris kukhala mkazi wamkulu wa Xerxes. Koma nkhani zambiri zoopsa za akazi opha anzawo zinachokera kwa Ctesias, sing'anga Wachigiriki amene anagwira ntchito m'nyumba ya Artaxerxes wachiwiri. Iye ndiye gwero la nkhani yakuti Parysatis, mayi wa mfumu, anapha mpongozi wake Stateira podula mbalame ndi mpeni wopakidwa poizoni mbali imodzi, iye n'kudya mbali yabwino. Chidani cha amayi awiriwo chinalipo ndithu, koma Agiriki ankakonda kumva kuti adani awo akulamulidwa ndi akazi ndi adindo, ndipo wolemba aliyense amadziwa zimene omvera ake akufuna. Tiziwerenga nkhanizi pokumbukira kuti kumbuyo kwa Parysatis ndi Stateira kunali mabanja awiri aakulu, lililonse ndi zigawo zake ndi asilikali ake.

Chofooka chenicheni chinali pa kulowa ufumu. Panalibe lamulo lokhazikika lakuti mwana woyamba ndiye alowe. Mfumu inkasankha, ndipo popeza inali ndi ana ambiri kwa akazi osiyanasiyana, nduna iliyonse inkayamba msanga kudziphatika kwa mwana amene ikuganiza kuti adzapambana. Xerxes mwiniwake analembetsa ku Persepolis kuti bambo ake Darius anali ndi ana ena, koma anamukweza iye. Mu 465 anaphedwa m'chipinda chake. Olemba Achigiriki amaloza Artabanus, mkulu wa alonda, ndipo mwana wamkulu wa Xerxes, dzina lake Darius, ananamiziridwa kapena kupezeka wolakwa n'kuphedwa, mpando n'kupita kwa Artaxerxes. Artaxerxes atamwalira cha m'ma 424, Xerxes wachiwiri anakhala masiku 45 okha, Sogdianus amene anamupha anakhala miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, ndipo wachitatu, Ochus, analanda mpandowo n'kutenga dzina la Darius wachiwiri. Mu 401 Cyrus wamng'ono, mwana wokondedwa wa Parysatis, anachoka ku Sardis ndi asilikali aganyu Achigiriki oposa 10,000 kukalanda ufumu kwa mkulu wake Artaxerxes wachiwiri, ndipo anafera pankhondo ya ku Cunaxa pafupi ndi Babylon. Pomaliza, Diodorus, wolemba mbiri winanso Wachigiriki, akunena kuti nduna Bagoas inapha Artaxerxes wachitatu ndi poizoni mu 338, n'kuphanso mwana wake Arses mu 336, kenako n'kuika Darius wachitatu, amene anaikakamiza kumwa chikho chimene inamukonzera. Pa mipungwepungwe yonseyi palibe amene anayesa kuika pampando munthu wosakhala wa banja lachifumu kwa nthawi yaitali, ndipo ikatha, misonkho inkapitiriza kufika.

Tsopano za asilikali. Gulu lankhondo linkakonzedwa m'magulu a anthu 10, 100, 1,000 ndi 10,000. Pakati pake panali Aperisi ndi Amedi, makamaka 10,000 aja amene Herodotus amawatcha Osafa chifukwa mmodzi akafa wina ankalowa m'malo mwake nthawi yomweyo, ndipo oyandikira mfumu ankanyamula mikondo yokhala ndi chibulumwa chagolide kumunsi. Pomenya nkhondo, a kutsogolo ankaimika zishango zikuluzikulu zolukidwa ndi timitengo ndi zikopa, a kumbuyo n'kumaponya mivi, pamene apakavalo ankazungulira adani m'mbali. Ku Babylon mfumu inkagawa minda yotchedwa munda wa uta, munda wa kavalo ndi munda wa galeta, ndipo wolima munda wotere ankayenera kupereka msilikali wokhala ndi zida zake mfumu ikaitana, ngakhale kuti m'kupita kwa nthawi ambiri ankalipira siliva m'malo mwake. Zombo zankhondo zinkachokera ku Phoenicia, Cyprus, Egypt ndi mizinda Yachigiriki ya kugombe la Asia. Chiwerengero cha Herodotus chakuti Xerxes anapita ku Greece ndi asilikali oyenda pansi 1,700,000 musachikhulupirire, chifukwa panalibe msewu kapena mtsinje umene ukanadyetsa ndi kumwetsa khamu lotero. Kugonja kwa ku Salamis mu 480 ndi ku Plataea mu 479 kunali kowawa, koma kunachitikira kumphepete kwa ufumuwo, ndipo unakhalapobe zaka zina 150. Mafumu otsatira anapeza kuti ndalama zagolide zokhala ndi chithunzi cha mfumu itagwira uta zimagwira ntchito ku Greece kuposa mauta enieni: ankathandiza Sparta polimbana ndi Athens, kenako n'kutembenuka, mpaka cha m'ma 386 Artaxerxes wachiwiri analamula Agiriki mfundo zamtendere n'kubwezeredwa mizinda yonse ya kugombe la Asia.

Koma mantha a pakhomo aja ankafika mpaka kubwalo lankhondo. Mfumu yokumbukira zimene Cyrus wamng'ono anachita sinkafuna kuika gulu lalikulu m'manja mwa munthu mmodzi, choncho inkagawa utsogoleri, ndipo atsogoleriwo ankanenezana kulikulu. Tissaphernes ndi Pharnabazus, abwanamkubwa oyandikana, ankapikisana m'malo mothandizana, ndipo Tissaphernes, amene anapulumutsa mfumu pa nthawi ya Cunaxa, anadulidwa mutu mu 395 atagonja kamodzi. Mu 373 ulendo wokalanda Egypt, imene inali itagalukira cha m'ma 404, unalephera pamene Pharnabazus ndi Iphicrates wa ku Athens anasiyana maganizo pa zothamangira ku Memphis, mpaka mtsinje wa Nile unasefukira. Egypt inabwezedwa mu 343 pamene Artaxerxes wachitatu anatsogolera yekha nkhondoyo.

Alexander, mfumu ya ku Macedonia, atawoloka kulowa mu Asia mu 334 ndi asilikali pafupifupi 40,000, anabwera ndi gulu limene bambo ake Philip analiphunzitsa zaka zoposa makumi awiri: oyenda pansi okhala ndi mikondo yaitali mamita oposa asanu, apakavalo olasa molunjika pakati pa adani, ndi amisiri odziwa kugwetsa malinga. Abwanamkubwa a kumadzulo atakumana kuti apangane, Memnon wa ku Rhodes anawalangiza kuti asamenyane naye koma atenthe mbewu n'kubwerera m'mbuyo kuti njala imugonjetse. Arsites, mwini chigawocho, anakana kuti nyumba ngakhale imodzi ya anthu ake itenthedwe, ndipo enawo anamuvomereza, pokayikira kuti Mgirikiyo akufuna kutalikitsa nkhondo kuti mfumu izimudalirabe. Anagonja pa mtsinje wa Granicus. Memnon atapatsidwa utsogoleri pambuyo pake anayamba kuvutitsa Alexander panyanja, koma anadwala n'kumwalira mu 333. Ku Issus chaka chomwecho ndi ku Gaugamela pa 1 Okutobala 331, Darius anatsogolera yekha monga mwambo unkafunira, ataima pagaleta pakati pa gulu lake, ndipo Alexander kawiri konseko analunjika pamene panali mfumuyo, podziwa kuti ikathawa gulu lonse libalalika.

Musaganize kuti ufumuwo unangogwa ngati chipupa chonyowa. Tyre inalimba miyezi isanu ndi iwiri, Gaza miyezi iwiri pansi pa Batis, ndipo Ariobarzanes anatsekereza Alexander m'mapiri olowera ku Persepolis. Darius atagonja ku Issus anatha kusonkhanitsa gulu lina lalikulu kuposa loyamba m'zaka zosakwana ziwiri, chinthu chimene boma lovunda silikanachita. Chimene chinasintha pambuyo pa Gaugamela n'chakuti akuluakulu amene minda yawo ndi maudindo awo zinkachokera m'dzanja la mfumu anaona kuti dzanjalo silingawatetezenso. Mazaeus, amene anamenya mwamphamvu ku Gaugamela, anapereka Babylon ndipo Alexander anamuika kukhala bwanamkubwa wake; Abulites anapereka Susa pamodzi ndi chuma chake n'kusiyidwa paudindo. Mu 330 Darius, akuthawira kummawa, anamangidwa n'kuphedwa ndi anthu ake, motsogoleredwa ndi Bessus, bwanamkubwa wa Bactria ndiponso mbale wake, pamodzi ndi Nabarzanes, amene anali ndi udindo wa mkulu wa chikwi, kutanthauza mkulu uja wa asilikali 1,000 olondera mfumu. Alexander anaika mtembo wa Darius m'manda achifumu, anasaka Bessus n'kumupha monga wopha mfumu, ndipo anasunga zigawo, misewu ndi misonkho momwe anazipezera. Mu 324 ku Susa anakwatira mwana wamkazi wa Darius wachitatu ndi mwana wamkazi wa Artaxerxes wachitatu, monga mmene Darius woyamba anachitira ndi ana a Cyrus zaka pafupifupi 200 m'mbuyomo, ndipo udindo wa mkulu wa chikwi anaupereka kwa bwenzi lake lapamtima Hephaestion.